Mapanga Awiri Avumbwitsa, Nanga Asanu?

Makolo athu, amene adaona dzuwa ife tisanabadwe, adatisiyira mwambi wakuti mapanga awiri avumbwitsa, kunena munthu amene mvula yampeza kuthengo, nathamangira phanga ili, kenaka n'kukumbuka kuti lakutsidya lija ndi lotakasuka, nabwerera, kufikira mvula imthera m'thupi ali pakati pa mapanga onse awiri. Mwambi umenewu ndidaulemekeza chiyambire ubwana wanga, ndipo sindidaukayikepo kufikira chaka chimene ndidakwera basi ya ku Joni kukaona mlongo wanga. Pakuti pa ulendo umenewo ndidazindikira kuti akuluakulu aja, ngakhale adali ndi nzeru zakuya, sadayendepo ndi ndalama za maiko anayi m'thupi limodzi.

Mlandu udayamba ndisanamange n'komwe katundu, pamene abale adasonkhana kudzaweruza za kamba wa paulendo. Atsibweni anga, amene adapita ku migodi ndi Wenela chisanafike chaka cha 1974, adagogoda ndodo pansi nati, "Mwanawe, ife tidakwera ndege pa Chileka m'thumba muli fodya yekha, ndipo tidabwera ndi njinga, tenga zochepa, pakuti ndalama zambiri ziitana mbala." Adaiwala kunena, kapena adachita dala, kuti iwo adali kudyetsedwa njira yonse, ndi kuti gawo la malipiro awo lidali kuwadikira kuno kwathu popanda iwo kulisenza. Azakhali adawatsutsa pomwepo, nati kwa eni kulibe munda wako, ndipo mlendo wopanda ndalama asanduka mtolo tsiku lachitatu. Tsono mphwanga wamng'ono, mwana wa masiku ano, adaseka onse awiri nati ndalama za pepala n'zachikale, khadi la ku banki likwanira. Ine, posafuna kunyoza aliyense, ndidamvera onse atatu, ndipo apo mpamene mitambo idayamba kuchita bii.

Wofuna ndalama zakunja m'dziko lathu lino aima pakati pa mapanga awiri enieni. Loyamba ndi banki, kumene mtengo wosinthira uli wachifundo, koma umapita ndi pasipoti ndi tikiti ya basi, nulemba mapepala, nukhala pa mpando kufikira msana uwawa, ndipo potsiriza mwana waulemu akuuza kuti madola sadafike, uyesenso Lolemba. Lachiwiri ndi mthunzi wa mtengo uja wa m'tauni, pamene anyamata anong'oneza "madola, marandi, bwana" kwa aliyense wodutsa. Kumeneko ndalama sizisowa, koma mtengo wake ngwoti ugulitse mbuzi, ndiponso lamulo silikudziwako. Ndipo wozengereza pakati pa awiriwa asaiwale zimene zidachitika mu November 2023, pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti: munthu adagona ali ndi ndalama zomufikitsa ku Johannesburg, nadzuka ali ndi zongomufikitsa pa Beitbridge. Ine ndidapirira pa mpando wa ku banki Malolemba atatu, ndipo ndidatuluka ndi marandi pang'ono ndi pepala limodzi la madola 100, latsopano, losalala, la nkhope ya Benjamin Franklin, limene ndidalinyamula ngati mwana wakhanda.

Kwacha yathu ndiikonda, ndipo ndani angaide ndalama ya dzina lokoma chotere, imene idalowa m'malo mwa paundi mu 1971, makwacha awiri kulingana ndi paundi imodzi? Koma atambala awiri salira m'khola limodzi; ukatuluka pa Mwanza nulowa pa Zobue, tambala wathu ayamba kutsokomola, ndipo pofika pa mlatho wa Zambezi ku Tete, kwacha yasanduka kwada. Chifukwa chake ndidagawa chuma changa monga Yakobo adagawira zoweta zake poopa Esau. A Mandela, pamodzi ndi njovu ndi njati zawo, ndidawapinda m'kati mwa lamba. A Franklin adalowa m'sokosi ya kumanzere. Thumba la malaya ndidalisungira a Samora Machel. A Chilembwe ndi a Kamuzu, oti adzandikweze minibasi pobwera, mayi a kunyumba adawasokerera m'kati mwa jekete ndi ulusi wosokera matumba a chimanga. Ndipo khadi lidakhala lokha m'chikwama ngati mfumu. Mapanga asanu, munthu mmodzi.

Za osintha ndalama a pa zipata ndinene pang'ono, pakuti tsopano ndimvetsa chimene magome a anzawo adagubuduzidwira m'Kachisi. Zala zawo ziwerenga mofulumira koposa maso a munthu wosagona, ndipo ndalama ikadutsa m'manja mwawo isiya chakhumi, ikadutsanso isiya china, kotero kuti munthu atasintha kwacha kukhala metikali, metikali kukhala dola, dola kukhala randi, osagula kanthu ngakhale nthochi, angafike ku Joni ali ndi ndalama ya chingwa chimodzi.

Koma mvula yeniyeni idandipeza m'dziko la Zimbabwe, titapitirira Nyamapanda, pamene basi idaima kuti anthu adzithandize. Dziko limeneli lidaona zodabwitsa pa nkhani ya ndalama, mpaka kusindikiza pepala limodzi la madola 100 thililiyoni, ndipo anthu ake adaphunzira kukhulupirira dola ya ku America, ngakhale yakuda ngati chigamba cha m'khitchini. Chimene chisowa ndi tchenji. Pa khomo la chimbudzi padakhala mayi wina ndi mbale, ndipo ine, wothinidwa kuyambira ku Tete, ndidampatsa metikali, napukusa mutu. Marandi sakadatuluka popanda kumasula lamba, ndipo kumasula lamba pamaso pa mayi wa eni, mzera wa anthu uli pambuyo, ndi mlandu wa kwa mfumu. Ndidawerama tsono, ndi kuvula nsapato, ndi kutulutsa a Franklin, amene atayenda tsiku lathunthu pansi pa phazi langa sadalinso osalala, ndipo fungo lawo silidali la ku Washington. Mayiyo adayang'ana pepalalo, nayang'ana ine, naitana mnzake kuti adzaone munthu wofuna kugula chimbudzi chonse. Adandiombola ndi mayi wina wa geni wa ku Ndirande, woyenda njira imeneyi mwezi ndi mwezi, amene adamasula mfundo ya chitenje chake, natulutsa kandalama kachitsulo ka marandi asanu, nati, "Achimwene, paulendo ndalama yaikulu ndi ya m'sutikesi; ya m'manja ikhale yophwanyaphwanya." Ndidathokoza nsapato ili m'manja.

Khadi la mphwanga lidayesedwa pa Park Station, ndipo makina adalimeza, nalingalira nthawi yaitali, nalilavula ndi mawu aulemu a Chingerezi. Pakuti sindidadziwe kuti khadi nalonso liyenera kutsanzikiridwa ku banki lisanatuluke m'dziko, ngati mwana wopita ku ukwati. Mlongo wanga adandipeza nditakhalira sutikesi, dzanja limodzi pa lamba, lina pa jekete, ndipo adati wandizindikirira patali chifukwa ndine ndekha wovala jekete pa dzuwa lotere.

Pobwera, jekete lija lidakana kupereka chimene lidasungitsidwa, ndipo pa Mwanza ndidachita kubwereka mpeni kwa mnyamata wogulitsa mbatata. Zotsala za ulendo zidali ndalama zachitsulo zodzaza dzanja, za ku South Africa ndi za ku Mozambique, zimene palibe wosintha ndalama azilandira. Ndidaziika m'kachitini pa windo, ndipo mdzukulu wanga, poona kuti agogo ali ndi chuma chongogona, adazitapa Lamulungu lina nakaziponya m'mbale ya chopereka. Madzulo ake mkulu wa mpingo wosunga chuma adafika pakhomo, naodira mwaulemu, nakhala pa mpando, nafunsa za moyo wa ana ndi za mvula ya chaka chino, ndipo potsiriza adamasula kampango, naika ndalamazo pa tebulo imodziimodzi, nati akuluampingo apenda mpingo wonse ndipo apeza kuti wopita ku Joni chaka chino ndine ndekha.