Digiri imodzi ndi theka

Njinga yanga ndinaigula ya kaunjika, yolowera pa Songwe kuchokera ku Tanzania. Ili ndi magiya 21, ngakhale ogwira ntchito ndi asanu okha. Ana a kwathu amaitcha Malawisaurus, dzina la chinyama chamakedzana chija mafupa ake anaimikidwa mumyuziyamu ya pa Karonga boma, ati popeza zonse ziwiri ndi mafupa okhaokha. Koma kwa zaka zisanu ndi ziwiri yanyamula ine, matumba a mpunga wa Kilombero, ndipo tsiku lina apongozi anga, osanyinyirika.

Chinandisokoneza ndi foni. Usiku wina wa mu Okutobala, kutentha kwa kunyanja kuno kutandimana tulo, ndinayala mkeka pakhonde n'kumaonera mavidiyo pa YouTube. Mzungu wina wandevu anandiuza, maso ali pa ine, kuti njinga ngati yangayi ndi bokosi lamaliro lamatayala. Matenda ake akuti ali pakhosi, pomwe foloko imalowera m'felemu. Njinga zamapiri za m'ma 1990 khosi lake linkaima njo, pa madigiri 71. Zamakono analigoneka, zina mpaka 65 kapena 64. Khosi likagona, tayala lakutsogolo limasunthira patsogolo, njinga imatalikako pang'ono, ndipo pamtsetse imakhazikika, siikuponya pamwamba pa mahandulo ngati bulu wokwiya.

Mankhwala ake akuti alipo. Kampani ya ku America ya Cane Creek imapanga makapu apadera otchedwa AngleSet, ndipo ina ya ku England, Works Components, imapanganso amtundu womwewo. Kuwaona ndi maso sasiyana ndi makapu wamba amene mabeling'i apakhosi amakhalamo. Chinsinsi chili pabowo: silikhala pakatikati, limatsamira mbali imodzi. Ukakhomera kapu ina m'mwamba, ina m'munsi, foloko imalowa mopendekeka, khosi n'kugona ndi digiri imodzi, imodzi ndi theka, kapena ziwiri.

Ndinaimbira mwana wa mlongo wanga ku Joni. Patapita masabata atatu, kaphukusi konga ka sopo kanafika pa basi. Mtengo wake sindiutchula muno, chifukwa mayi a kunyumba amawerenga nyuzipepala.

Iwo anatenga timakaputo, kutitembenuza, kutinunkhiza, kenaka anati: "Abambo, mwati n'zotsetserekera m'mapiri? Nanga phiri lake ndi liti?"

Funsolo linandibaya. Kuchokera kwathu kukafika kumsika, nthaka ndi yosalala ngati mphasa. Chitunda chachikulu chimene ndimakwera ndi hampu ya pafupi ndi sukulu. Koma mwamuna sagonja pamaso pa mkazi wake chifukwa cha mapu, choncho ndinaloza chakumadzulo, kumene msewu wa ku Chitipa umakwera zitunda, n'kunena kuti munthu amasula khasu mvula isanagwe.

M'mawa mwake ndinali pansi pa mtengo wa mango, kwa wokonza njinga wathu, munthu amene wawongola masipoko a theka la akabaza a m'tauni muno. Anachotsa foloko, kugogoda makapu akale mpaka anatuluka, kupukuta girisi ndi chigamba cha chitenje. Kenaka anamanga ulusi kuchokera pachitsulo cha chishalo kukafika pakhosi, kuti makapu atsopanowo alunjike pakati penipeni pa felemu. Atanyamula kapu yam'mwamba anaima kaye.

"Akuluakulu, pali kamzere apa. Kayang'ane kutsogolo kapena kumbuyo? Pepala lake lili kuti?"

Pepalalo linali litayatsa mbaula dzulo lake. Ndikanatha kunena zoona. Ndikanatha kuimbanso ku Joni. Koma panali akabaza anayi atatizungulira, onse akundiyang'ana ngati injiniya wochokera ku Kayelekera. Ndinatsokomola n'kuloza mbali imene chala chinafuna. Mkuluyo anapukusa mutu, anaika thabwa pamwamba pa kapu, nyundo inalira katatu. Akulu akale anati safunsa anadya phula. Ine ndinadya ndi chisa chomwe.

Masabata awiri otsatira ndinali mlaliki. Pabawo, pachigayo, ngakhale pamaliro ena ku Kaporo, aliyense anamva za madigiri 69 ndi theka. Ndinkauza anthu kuti njinga yanga tsopano yakhazikika ngati galimoto ya nduna. N'zoona kuti inayamba kumva msanga modabwitsa: ndikayetsemula, inkawoloka msewu yokha. Ndikatembenuka kupereka moni, inkatembenuka nane. Koma munthu amene walipira ndalama zambiri amamva chimene walipirira.

Loweruka lina ndinanyamuka mbandakucha kupita kukayesa zenizeni pamsewu wa ku Chitipa. Chitunda choyamba ndinapalasa. Chachiwiri ndinapalasa theka. Chachitatu tinayenda limodzi ndi njingayo phewa ndi phewa, ngati anthu ochokera kudambwe. Pamwamba ndinatembenuka, nyanja ikunyezimira kutali, ndinamwa madzi, n'kusiya mabuleki.

Mamita oyambirira ndinamva ngati mzungu wandevu uja. Kenaka mahandulo anayamba kunjenjemera ngati agwidwa malungo. Pakona panatulukira ng'ombe, ndipo ng'ombe za kuno sizipatukira munthu, chifukwa zimadziwa kuti iliyonse ndi lobola. Ndinakhudza handulo pang'ono chabe kuti ndilambalale. Njinga inamva ngati ndailamula kubwerera kunyumba. Inakhota, ine sindinakhote. Ndithokoze ng'ombe yomweyo, kapena mnzake, chifukwa pamene ndinagwera panali pofewa, pofunda, pongoikidwa kumene.

Kamnyamata kodyetsa ziweto kanandidzutsa, kakuluma milomo kuti kasaseke. Kunyumba ndinabwera pa matola, kumbuyo, ndipo anthu anandisiyira malo ambiri.

Madzulo mwana wanga wa Fomu 3 anatenga foni, anatsegula kapulogalamu koyezera kupendekeka, n'kuigunditsa pafoloko. Anayang'ana kawiri.

"Adadi, apa pakuti 72 ndi theka."

Makapu aja amagwira mbali zonse ziwiri. Ukawatembenuza, m'malo mogoneka khosi amaliimika. Kwa masabata awiri ndinkatamanda kukhazikika kwa njinga imene ndinaichititsa manjenje ndi ndalama zanga zomwe. Nkhani yonseyi, kuphatikizapo ndowe, inali ya tayala losuntha mtunda wosafika masentimita awiri.

Wokonza njinga sananene kanthu. Anagogoda, kutembenuza, kukhomeranso, n'kundilipiritsa kachiwiri. Tsopano khosi linagonadi. Njinga inkayenda molunjika ngati sitima ya katundu, koma kumsika, pakati pa akabaza, mbuzi ndi amayi onyamula nthochi za mbalagha, kukhota kunkafuna bwalo lampira. Ndikayenda pang'onopang'ono, tayala linkagwera mbali ngati munthu wosinza m'tchalitchi. Ndi thumba la mpunga pakeliyala, kutsogolo kunkayendayenda kokha ngati kukufuna njira ina. Ulendo wachitatu pansi pa mango ndinapita ndi makapu akale m'thumba. Mkuluyo anangotambasula dzanja.

Malawisaurus wabwerera pa madigiri ake 71, ndipo hampu ya pasukulu tikuikwera mwaulemu monga kale. Koma musaganize kuti ndalama inapita pachabe. Magetsi akazima, mayi a kunyumba amaimika kandulo m'kapu ya ku Joni ija, pambale. Amadandaula kuti kanduloyo amapendekeka ndipo phula limadontha mbali imodzi. Dzulo ndinayamba kuwafotokozera kuti ndi digiri imodzi ndi theka yeniyeni, yoyezedwa ndi makina, ndipo kuti atatembenuza kapuyo phula lidonthera mbali inayo.

Anandifunsa ngati ndili ndi pepala lake.