Ng'oma yolira ya mphwanga

Mwezi wathawu ndinapita ku Linthipe kukatenga galimoto ya mphwanga, mwana wa mlongo wanga, itaberekedwa pa lole. Ulendo wonse wobwerera ku Lilongwe mawu a agogo ankangozungulira m'mutu mwanga: ng'oma yolira sichedwa kung'ambika. Sindinawatulutse. Munthu amene wangoti duu pampando, atavala suti ya kuchinkhoswe chimene sanafikeko, sumuponyera mwambi. Umadikira ayambe wadya.

Kunena chilungamo, kwa chaka chathunthu mwambi umenewu unkandichititsa manyazi. Galimotoyo ndi Subaru Impreza WRX ya 2004, yabuluu, imodzi mwa zija zinachokera ku Japan, n'kutsikira ku Dar es Salaam, n'kulowera pa Songwe. Inadutsa m'manja mwa anthu angapo isanamupeze mphwangayo. Sabata imene anaigula anathamangira nayo kwa anyamata owotcherera, iwo n'kudula sailensa imene inabwera ndi galimoto, n'kuikapo chipaipi chonyezimira, kukamwa kwake koti kamwana ka mphaka n'kugonamo mosavutika. Kuyambira tsiku limenelo kwathu tinasiya kufunsana ngati wafika. Akadali kumsika kuja agalu amayamba, ma alamu a galimoto za eni amavomera, mayi ake n'kuika ndiwo pamoto. Ine mwambi wanga tsiku ndi tsiku, ng'oma osang'ambika. M'malo mwake Vitz yanga, yofatsa ngati mkamwini wa chaka choyamba, ndiyo inafa batire kawiri, ndipo wodzandidzutsira anali yemwe uja wa ng'oma yolira. "Malume," anatero akulumikiza nthambo, "miyambi yanuyi inapekedwa turbo isanabwere."

Ndisakunamizeni, kulira kwa galimoto imeneyi ndimakukonda. Sindinamuuzepo, ndipo musakamuuze. Injini yake, imene amaitcha EJ20, ili ndi masilinda anayi ogona chammbali, awiri uku awiri uku, ndipo mapaipi otulutsa utsi kuchokera mbali ziwirizi ndi osiyana kutalika. Utsi wa mbali ina umafika mochedwerapo, ndiye phokoso limatuluka modukizadukiza, ngati mbalule ikuyankhana ndi mpanje pabwalo la gule. Ndi mawu omwe aja anamveka m'nkhalango za ku Ulaya pamene Colin McRae ankatenga ukatswiri wa dziko lonse wa mpikisano wa rally mu 1995, ali mu Impreza yabuluu. Koma taonani zodabwitsa: eni ake a Subaru, potulutsa Legacy yatsopano mu 2003, anaikamo mapaipi ofanana kutalika kuti injini izipuma bwino, kugunda kuja n'kuzimiririka. Amisiri a ku Japan anatula ng'oma pansi kuti galimoto ithamange. Ife kuno tikuikuza ng'omayo poganiza kuti liwiro lili m'makutu.

Sailensa yokha siwonjezera mphamvu yoti n'kuimva pampando. Mphwanga atazindikira zimenezi anapita patsogolo. Anachotsa catalytic converter, chibokosi chija chimasefa utsi, ndipo panapezeka munthu wochigula tsiku lomwelo chifukwa mkati mwake muli tizitsulo todula, platinum, palladium ndi rhodium. Anabwera kunyumba akumwetulira kuti galimoto yadzilipirira yokha paipi yatsopano. Apa mphamvu inabweradi, chifukwa turbo ikapeza njira yotakasuka imakankha mpweya wambiri kuposa kale. Koma kompyuta ya injini inakonzedwa kuti iziyeza petulo molingana ndi njira yakale ija. Odziwa amati ukasintha paipi yotuluka pa turbo, uyeneranso kukonzetsa kompyutayo, apo ayi mpweya umachuluka, petulo n'kuchepa, mapisitoni n'kumapsa mwakachetechete. Kanyale kachikasu kanayaka pa dashibodi. Mphwanga anamatapo sitika ya timu yake ya mpira, vuto n'kutha.

Komabe si zimenezi zinamugwetsa pa Linthipe. Ndikanakonda zikanakhala zimenezo, mwambi wanga ukanayenda mowongoka.

Makaniko atatsegula boneti anatiloza kasitika kakale, kolembedwa m'Chijapani, komatidwa pachivundikiro cha kutsogolo kwa injini. Chijapani sitidziwa tonse atatu, koma manambala ndi a aliyense. Kankanena kuti lamba wa timing anasinthidwa galimoto itayenda makilomita 101,000. Dashibodi inkaonetsa 87,000. Iyi ndi galimoto yachisomo, imene ikamakalamba imabwerera ku ubwana. Lamba ameneyu amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, limodzi ndi timawilo timene amayendapo ndi pampu ya madzi, ndipo panalibe munthu padziko lapansi amene akanatiuza kuti lamba uja anali atayenda mtunda wotani. Kawilo kamodzi kanauma bering'i, kanagwira, lamba n'kudumpha mano. Mu injini ya mtundu uwu mapisitoni ndi mavavu amagwiritsa ntchito malo amodzi mosinthana, ngati mitala yogona nyumba imodzi. Wosunga zigawo ndi lambayo. Iye atachoka, onse analowa nthawi imodzi. Mavavu alipo 16, ndipo amene anatsala owongoka mungawawerenge ndi dzanja limodzi.

"Koma sinandichenjeze," anadandaula mphwanga.

Makaniko anapukuta manja pakansanza. "Inkalira, achimwene. Bering'i siifa osalira, imatha masabata ikuchita likhweru. Nanga mukanaimva bwanji?"

Apa m'pamene ndinaona kuti kwa chaka chonse mwambi uja ndinkaunena ngati munthu wodana ndi ng'oma. Agogo sankadana ndi ng'oma yolira. Ndani anavinapo ng'oma yosalira? Koma kumbukirani zimene oimba ng'oma amachita gule asanayambe. Amasonkha kamoto ka udzu pambali pa bwalo, n'kuwamba chikopa, akugogoda ndi chala, khutu lili pafupi. Amamata phula pakati kuti mawu atsike. Amayang'ana zikhomo ngati zakhwepa. Gule ali mkati, ng'oma ikayamba kulefuka, amaibwezera kumoto wina n'kugwirizira. Mvula ikangoti waa, choyamba kuthawitsa ndi ng'oma, anthu anyowe. Imeneyo ndiyo sevisi, ndipo analibe buku la kampani. Ng'oma yolira imang'ambika chifukwa aliyense amafuna kuimenya, ndipo pachisangalalopo palibe amene amafuna kukhala woimitsa gule kuti akaiwambe.

Ndipo ndikumumvetsa mwanayu. Paipi imaoneka. Oilo saoneka. Simunaonepo anyamata ataunjikana pabotolo sitolo kusirira fyuluta yatsopano, kapena mtsikana akutembenuka chifukwa munthu wasintha madzi a mabuleki. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lamba weniweni ndi timawilo take, woitanitsa ku Johannesburg kapena ku Dubai, umamva kuwawa pomulipira, ndipo ukamuika galimoto imalira chimodzimodzi ngati dzulo. Ndalama zapita, chosintha palibe. Pomwe paipi umalipira kamodzi, dera lonse n'kudziwa kuti walipira. Tonsefe tili ndi kachipaipi kathu penapake. Ine ndinagula dishi ya wailesi ya kanema denga likudontha, ndiye ndisadzitame.

Turbo payokha ndi kanthu kovuta kulera. Kamazungulira kopitirira maulendo 100,000 pa mphindi imodzi, kakuwotchedwa ndi utsi, ndipo chimene chimakateteza kwambiri ndi oilo. Oilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, amene sudziwa kuti anachokera mu thirakitala ya ndani, si wake. Amafuna wabwino, wosinthidwa pafupipafupi, makamaka ndi fumbi lathuli. Mu rediyeta mwa mphwanga munali madzi a pamjigo, ofiirira ndi dzimbiri ngati thobwa la mawere. Ndinamufunsa kuti anasintha liti mapulagi. Anandiyankha kuti pa Subaru mapulagi ali m'mbali, movuta kufikira. N'zoona ndithu. Koma limenelo silinali yankho la funso langa.

Kuseka kwanga kunathera pamene makaniko anavula tayala lakutsogolo. Mapadi a mabuleki anali atatsala ngati lezala. Madzi a mabuleki, amene amayenera kutayidwa pakatha zaka ziwiri chifukwa amayamwa chinyontho ndipo akatentha amawira, anali bii ngati tiyi wopanda mkaka. Matayala anali a kaunjika, anayi a makampani atatu. Galimoto iyi inali itangodutsa pa Nathenje ndi pa Kamphata, pamene msika umasefukira mumsewu wa M1, pamene wa kabaza amakhota osayang'ana, mayi atabereka mwana kumbuyo, mbuzi zikuwoloka mwaufulu. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti uime umawirikiza kanayi, ndipo lamulo limenelo silimva kulira kwa paipi. Ndinayang'ana lamba wothothoka mano uja ali pansi, ndipo mumtima ndinamuthokoza. Anasankha kufera pamalo opanda anthu.

Mphwanga atadya, mwambi uja ndinamuuza ndithu, sindikanatha kuusunga mpaka kalekale. Ndinamuuzanso maganizo anga: galimoto yakale yothamanga ukaigula, ndalama zoyamba ndi za lamba, oilo, madzi a rediyeta, mabuleki ndi matayala. Paipi ibwere pambuyo, kompyuta ikonzedwe tsiku lomwelo, ndipo sailensa ikhale yoti ukhoza kumva injini yako ikamadandaula komanso anansi ako akamakupatsa moni. Anagwedeza mutu ngati wamva. Kenako anati popeza injini yatsitsidwa kale, bwanji tipezerepo mwayi woikiratu kavavu kaja kamati "tsiii" posintha giya, ndipo kodi malume angathandizepo?

Ndamuuza kuti ndithandiza ndikaona lisiti la lamba ndi la mapadi. Pakadali pano galimoto ili pamiyala kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga, thadzi lina layamba kuikira pamalo pamene panali injini, ndipo Loweruka lililonse mphwanga amatuluka ndi kansanza kukapukuta paipi.