Ulemu kwa Zilembo Zosalankhula

M'Chingerezi muli zilembo zimene zimalembedwa koma sizitchulidwa, ndipo anthu osayamika akhala akuzinena kuti ndi zaulesi. Lero ndaziimira pa mlandu. Makolo anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Nanga ndani wasunga langizo limeneli kuposa b wa mu debt, amene watha zaka pafupifupi 500 osatsegula pakamwa?

Mbiri yake ndi yapamwamba. Anthu a ku Normandy atalanda England mu 1066, Chingerezi chinameza mawu ambirimbiri a Chifalansa. Ngongole ankailemba dette, kukayika ankalemba doute, ndipo aliyense ankawerenga mosavutika. Mtendere woterewu sunawasangalatse anthu ophunzira a zaka za m'ma 1500. Iwo anakumbukira kuti agogo a mawuwa anali a Chilatini, debitum ndi dubitare, ndipo anaona kuti mwana wa banja lomveka sangamayende wopanda chiwongo. Basi anamubweretsa b, namukhazika pakati pa mawu a debt ndi doubt, osamupatsa ntchito ina koma kuonetsa kumene mawuwo anachokera. Mnzake p analowa mu receipt mwa njira yomweyo, kuchokera ku recepta. Ife amene timangoti lisiti tinamuchotsa popanda ngakhale kumutsanzika. Manyazi atigwire.

A ku Greece nawo sanatsalire. Agiriki akale ankamutchula bwinobwino p wa mu pneumon, kutanthauza mapapo. Lilime la Mngerezi linakana, komabe chifukwa cha ulemu anamusiyira mpando wakutsogolo mu pneumonia. Lero wodwala chibayo akafuna dzina la matenda ake m'dikishonale amafufuza pa n mpaka thukuta kamukamu, osalipeza. Mwina ndi pomwe amaiwalako ululu. Ndi dokotala uti angachite zimenezo ndi chilembo chimodzi?

Koma nthenga ya ufumu ipite kwa s wa mu island. Mawu amenewa alibe magazi a Chilatini ngakhale dontho. Ndi a Chingerezi chakale chenicheni, ndipo ankalembedwa iland. Akatswiri aja anaganiza kuti ndi m'bale wa isle, mdzukulu wa insula wa Chilatini, choncho anamulowetsa s molakwitsa. Iye sanatsutse, sanadzitame, anangokhala phee. Samuel Johnson polemba dikishonale yake mu 1755 anamupeza atakhazikika kale, namusiya. Noah Webster wa ku America, amene mu 1828 anathamangitsa u mu colour, sanathe kuchotsa s ameneyu ndi b uja. Kukhala pa udindo umene si wako zaka mazanamazana popanda wokufunsa, limenelo ndi luso.

Tsono taonani phindu lake pa dziko. Aphunzitsi a Chingerezi sasowa chochita, ndipo zolembera zofiira zimayenda malonda. Chachikulu, zilembozi zimathandiza kudziwa msanga amene anapita patali ndi sukulu. Ukazitchula polankhula, anzako amaseka chamumtima. Ukazisiya polemba, wochonga mayeso amakudula malikisi. Mbali zonse ziwiri wolakwa ndiwe, chilembocho chilibe mlandu.

Choncho ana a sukulu, lekani kudandaula. Zilembeni mosamala, muzipatse malo ake onse, koma musayerekeze kuzitchula. Akuluakulu otere sitiwaitana ndi dzina pagulu.