Ulemu kwa Woyimba wa M'khutu

Oyimba ena amafuna malipiro, magetsi ndi zokuzira mawu. Uyu safuna kanthu. Amalowa m'khutu osaodira n'kuyamba nyimbo yake ya liwu limodzi, tsiii, ngati nyenje ya m'chilimwe, ndipo anthu onse akagona m'pamene iye amaikirapo mtima. Kafukufuku amene anatuluka mu 2022 m'magazini ya JAMA Neurology anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 14 pa 100 alionse padziko lapansi amamumva. Ndi woyimba uti anasonkhanitsapo khamu lotere popanda ndi chikwangwani chomwe?

Ambirife tinakumana naye atabwera ndi kwinini wa malungo, kapena titachezera gule pafupi ndi sipika. Koma amene ndikumutama lero ndi mng'ono wake wochenjera kwambiri, yemwe amalirira m'khutu pomwe kwawo kwenikweni ndi m'khosi kapena m'nsagwada. Mlandu umagwera khutu, iye ali phee.

Taonani mmene amavinitsira anthu ophunzira. Dokotala amasuzumira m'khutu, sapezamo phula kapena mafinya. Amayeza kamvedwe ndi makina, nthawi zina n'kupeza kuti kali bwinobwino. Basi amaika zida pansi n'kuyamba kulamula: "Bambo, talumani mano mwamphamvu. Tayasamulani. Takankhirani chibwano kutsogolo. Tatembenuzani mutu, ine ndikukanizani ndi dzanja." Nyimbo ija ikakwera kapena kutsika, ndiye kuti woyimba wayankha. Komabe sagwidwa ndi umboni umodzi, chifukwa anthu ambiri olira makutu amatha kusintha phokosolo akaluma mano. Dokotala amafunsabe ngati linayamba pamodzi ndi kuwawa kwa khosi, ngati limakula tsiku limene khosi lauma, ngati nsagwada imathetheka potafuna. Za kukukuta mano kutulo, mboni yabwino ndi mayi a kunyumba. M'masiku ano a makina, matenda okakamiza dokotala kumvetsera wodwala ndi kumugwira ndi manja ayenera kupatsidwa mendulo.

Wapusitsapo akuluakulu. Mu 1934 James Costen, dokotala wa makutu wa ku St. Louis, anaona kuti vuto la nsagwada limayenda limodzi ndi kulira kwa makutu, koma anaimba mlandu mano a kumapeto oguluka, maganizo amene anzake anadzawakana. Mu 1999 Robert Levine wa ku Boston anafotokoza kuti mitsempha yochokera kukhosi ndi kumaso imakumana ndi mitsempha ya kumva m'tsinde mwa ubongo, moti minofu ikakungika, ubongo ukhoza kumva kukungikako ngati phokoso. Chibale cha khutu ndi nsagwada n'chakale ndithu: mwana akamaumbika m'mimba, tiwiri mwa timafupa titatu ta m'khutu timachokera ku chichereŵechereŵe cha nsagwada.

Ali ndi abale ena osayenera kuwaseketsa. Phokoso likamagunda limodzi ndi mtima, kapena likabwera m'khutu limodzi pamodzi ndi kugontha kwadzidzidzi, zoyamikira zithere pomwepo, munthu athamangire kuchipatala.

Wathuyu ndi wofatsa. Mukamupatsa mafizo a khosi ndi kapulasitiki kovala m'mano usiku, kawirikawiri amatsitsa mawu, ngakhale kusamuka salonjeza. Pofika apo amakhala atadziwanitsa dokotala wa makutu, wa mano ndi wa mafizo, ndipo aliyense mwa atatuwo wakulemberani lisiti lakelake.