Lowani, Saluma Uyu

Ku Glendale, m'chigwa cha Mazowe, pa msewu wochoka ku Harare kupita ku Bindura, Chichewa sichisowa. Makolo athu anachoka ku Nyasaland kudzalima chimanga, thonje ndi fodya m'mafamu a kuno, ndipo adzukulu awo akadali m'makomboni, ena ku Tsungubvi. Ndalama za dziko lino zasintha kangapo, eni minda nawo asintha. Chimene chakana kusintha ndi bodza limodzi lokhala pakamwa pa aliyense woweta galu: "Lowani, saluma uyu."

*

Agogo ena amene anabwera pa lole ya Ulere m'nthawi ya chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, amasimba za tsiku lomwe kapitao anawatuma kunyumba ya bwana ndi dengu la mazira. Asanamalize kunena odi, chinatulukira chigalu chofiira, ubweya wa pamsana utayang'ana kumutu. Agalu amenewa ndi a mtundu wa Rhodesian Ridgeback, omwe alenje ankapita nawo kokasaka mikango. Agogo sanadikire moni. Dengu pansi, iwo mumtengo wa mango.

Adona anatuluka akuseka: "Tsika iwe, akungofuna kusewera nawe!"

Agogo ali pa nthambi anayankha mwaulemu wonse: "Adona, muuzeni kuti ine ndinabwerera ntchito. Zosewera ndinazisiya ku Dedza."

Mazirawo anadya galu. Ndalama zake anadula pa malipiro a agogo.

*

Agogo omwewo anafunsidwa ngati zinthu zinasintha minda itagawidwa kuyambira mu 2000. Anayamba afwenkha fodya wawo, kenako nkuti: "Zinasintha ndithu. Kale ankatiluma agalu okhuta nyama, lero akutiluma agalu anjala. Wokhuta uja ankaluma nkukusiya. Wa lero akaluma amayamba waganiza ngati angameze."

*

Mnyamata wina anapita kukaonekera kwa apongozi ku Tsungubvi. Anavala jekete yobwereka, nsapato zopukuta mpaka kuwala. Atafika ananjuta patali, manja akuomba monga amachitira kuno. Atamufunsa za ulendo anati: "Ndachedwa chifukwa ndinali ku mapemphero, bambo. Lero tikusala kudya."

Galu wa pakhomopo, wokalamba mpaka imvi kukamwa, anadzuka pang'onopang'ono nkukaika mphuno pa thumba la jekete. Mnyamata anamukankha ndi chigongono, galu anabwerera. Anamukankhanso, galu anayamba kukanda. Posakhalitsa anasolola kapepala ka mafuta, mkati muli mbewa zootcha, imodzi yolumidwa kale mutu.

Pakhonde panati zii. Kenako apongozi aamuna anatsokomola: "Galu wamkota sakandira pachabe. Mayi, musamuphikire mlendoyu. Akusala."

*

Mayi wina woyenda ndi beseni la kapenta wa ku Kariba m'makomboni amati iye alibe vuto la makasitomala. Akangotuluka m'mawa, asanafuule nkomwe, kumbuyo kwake kumakhala kutandandalika agalu a famu yonse, michira ili m'mwamba. "Okhulupirika ndi amenewa," iye amatero. "Mvula kaya dzuwa, sajomba. Kungoti m'thumba mulibe."

Tsiku lina mwini wa mmodzi mwa agaluwo anamudzudzula kuti akumusocheretsa galu wake. Mayiyo anatula beseni pansi nkuika manja m'chiuno: "Achimwene, galu wanuyu mwezi wonse wakhala akununkhiza katundu wanga pa ngongole. Poti mwabwera, tiyeni tiwerengerane."

*

Pa famu ina panali galu dzina lake Dziwazako. Anang'ambapo buluku la mlonda, siketi ya mphunzitsi, ngakhale mkanjo wa abusa. Mwini wake nthawi zonse ankati vuto ndi anthu: "Mumamuonetsa mantha. Mukadzangoima nji, sadzakukhudzani."

Kunagwa maliro a mkulu wina wa m'komboni, ndipo Gule Wamkulu anatuluka monga mwa mwambo, ng'oma zikulira, fumbi lili koboo. Dziwazako atangoona chilombo chikubwera, mchira unalowa pakati pa miyendo, iye nkulowa pansi pa nkhokwe. Anatulukako mawa lake. Anthu atayamba kumuseka mwini galu, iye sanachite manyazi: "Mwaona nokha. Galu wanga amalemekeza mwambo. Inu amakulumani chifukwa simunavinidwe."

*

Malangizo othana ndi agalu a eni ake aliyense ali nawo. Osathamanga, poti galu amakondwa ndi chothawa. Osamuyang'ana m'maso. Ukakhala pa njinga, tsika, njingayo ikhale pakati pa iwe ndi iye. Agalu a m'komboni ambiri ukangowerama ngati ukutola mwala, amakumbukira zakale nkubwerera okha. Zonsezi zimathandizadi.

Bambo wina wogulitsa zovala za kaunjika anawatsatira malangizowa bwino lomwe. Galu atamuthamangira, iye anaima chilili, manja m'mbali, maso kumwamba, kupuma komwe atasiya. Galu anafika, anamuzungulira, anamununkhiza maondo. Atakhutira kuti chinthuchi sichiyenda, anakweza mwendo wakumbuyo nkuthirira nsapato yakumanja, kenako nkumapita.

Mwini galu anali pakhonde akuonerera. "Ndinakuuzani kuti saluma."

*

Mlaliki wina woyenda khomo ndi khomo anafika pa geti lolembedwa chenjezo la galu. Anaimirira panja nkufuula odi. Mwini nyumba anati: "Lowani abusa, kodi chikhulupiriro chija chili kuti? Paja Danieli anagona ndi mikango."

Mlaliki anayankha: "Zoona m'bale, koma Danieli anachita kumuponyamo. Sanatsegule geti yekha."

*

Pamene pathera kuseka ndi pa chiwewe. Galu akakuluma, ngakhale kungokukanda ndi dzino, tsuka balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo upite kuchipatala tsiku lomwelo kuti akaone za jekeseni. Osadikira kuti uone kaye ngati ukudwala, chifukwa zizindikiro za chiwewe zikangoyamba, munthu kawirikawiri sapulumuka. Nchifukwa chake chaka chilichonse pa 28 Seputembala dziko lonse limakumbutsana za matendawa, ndipo alangizi a ziweto amalimbikitsa kuti agalu onse azibayidwa katemera.

Mkulu wina atalumidwa pa katumba anachita zonsezi, kenako anabwerera kwa mwini galu, bandeji ili pa mwendo, buluku m'manja.

"Musadandaule," anatero mwini galu, "ameneyu anabayidwa katemera."

"Galuyo anabayidwa, chabwino. Nanga buluku langali?"

"Limenelo tisoka."

"Ndionetseni kalata ya katemerayo."

Mwini galu anakanda m'mutu, nkuyang'ana galu wake, galu nkuyang'ana kumbali. "Kunena zoona, achimwene, kalatayo anadya yemweyu. Koma mtima ukhale m'malo. Ndiye kuti katemera ali naye kawiri, wina pakhungu, wina m'mimba."