Msana wavuta ku Chifunde

Nyengo yothyola ndi kusoka fodya ikafika, moni amasintha ku Chifunde. Kuyambira ku Mualadzi mpaka kuchipata cha Cassacatiza, ukafunsa kuti mwadzuka bwanji, yankho ndi limodzi: "Tadzuka, koma chiunochi."

Pabawo abambo agawanika. Ena akudandaula khasu la mpini waufupi, ena mabelo a fodya ndi matumba a chimanga, pomwe anyamata okumba golide akuti enawo sanalawe kuwerama kwenikweni. Mkulu wina anavula malaya kuonetsa mphini zimene anatemera kumsana, akuti zinamuchiza kalekale. Mnzake anangofunsa kuti, "Nanga achimwene, ndodoyo mwatengeranji?" Anthu anafa nacho chiseko, mwini mphini yemwe.

Kumjigo amayi ululu uliwonse akuutcha nyamakazi. Agogo ena akulumbira kuti mawondo awo amaidziwa mvula mitambo isanade. Koma taonani katundu wawo: chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20 pamutu, mwana kumbuyo, mtunda wokwera. Khosi ndi chiuno zingalekerenji kudandaula?

Nkhani yakoma kwambiri ndi ya bambo amene anagulitsa mbuzi n'kupita ku Tete kukajambulitsa msana. Wabwerako ali ndwii, akuti chithunzi sichinaone kanthu chikhalirecho iye akumva kuwawa. Chithunzicho sichinaname ayi. X-ray imaonetsa mafupa, pomwe msana wa anthu ambiri umawawa chifukwa cha minofu imene yakokeka, ndipo umapola m'milungu yochepa. Bamboyo sali yekha: bungwe la WHO linati mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse ankamva kuwawa m'munsi mwa msana.

Pali enanso amene amati mankhwala enieni ndi jakisoni basi, ndi ena amene amagona pamphasa sabata yathunthu kudikira kuti msana uwongoke. Ine ndili kumbali ya anamwino. Kugona kwambiri kumaumitsa msana. Yendani pang'onopang'ono, thowani ndi nsalu ya madzi ofunda, ndipo ponyamula thumba pindani mawondo, katundu akhale pafupi ndi thupi. Brufen amathandiza, koma mumwe mutadya, ndipo amayi oyembekezera ndi odwala zilonda za m'mimba kapena impso asamuyandikire popanda kufunsa kuchipatala.

Pali pamene nthabwala ziyenera kutha. Msana ukamawawa usiku wonse, thupi likutentha, mukutuluka thukuta ndi kuwonda, mwina ndi TB, imene imadyanso mafupa a msana ndipo imachizika. Miyendo ikachita dzanzi kapena kufooka, mkodzo kapena chimbudzi zikamatuluka zokha, kapena ululu ukayamba mutagwa pa njinga yamoto, musadikire kuti fodya agulidwe kaye. Abale anga, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.