Zengerezu wa ku Glasgow

Agogo anga akanakhala moyo, ndikanawatengera laputopu kumudzi kuti akadzionere okha zimene ndinaona mwezi wathawu. Iwo ndi amene ankatidzutsa ndi mwambi uja m'mamawa, khasu lili kale paphewa: Zengerezu adalinda kwawukwawu. Tinakula tikudziwa kuti Zengerezu ndi chitsiru cha pamudzi, ndipo palibe kholo limene lingamupatse mwana wake wamkazi. Ndiye pa msinkhu wanga uno ndakumana ndi Zengerezu wina, wophunzira, wa ulemu wake, amene mapulofesa anachita kukhalirana pansi n'kumuumba dala. Dzina lake ndi Haskell.

Haskell ndi chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, cha gulu lija limene zonse zimayenda ndi ma function monga m'masamu: ukalowetsa zomwezo, zimatuluka zomwezo, ndipo nambala ukaipatsa dzina sisinthanso. Akatswiri anagwirizana zomupanga pa msonkhano wa ku Portland, ku America, mu 1987, lipoti loyamba linatuluka mu 1990, dzina n'kubwereka kwa katswiri wa masamu Haskell Curry. Chida chimene pafupifupi aliyense amamasulira nacho mapulogalamu ake, GHC, chinabadwira ku yunivesite ya Glasgow. Koma chimene chinandikoka ine si mbiriyo ayi. Ndi khalidwe lake. Haskell sagwira ntchito iliyonse mpaka wina atabwera kudzafuna zotsatira zake. Eni ake khalidweli amalitcha ulesi, poyera, opanda manyazi. Pamene Paul Hudak, John Hughes, Simon Peyton Jones ndi Philip Wadler ankalemba mbiri ya chiyankhulochi mu 2007, mawu oti ulesi anawaika pamutu penipeni pa pepala lawo.

Taonani mmene amachitira. Ziyankhulo zambiri ukaziuza kuti zisonkhanitse manambala onse kuyambira pa 1 osalekeza, zimayamba pompo ngati mwana womvera, ndipo zikalekera pomwe magetsi azimire. Haskell ukamulembera `[1..]` amangogwedeza mutu, osasuntha. Ukanena kuti `take 5 [1..]` amadzuka, n'kukupatsa 1, 2, 3, 4, 5, n'kukhalanso pansi. Manambala ena osawerengekawo alipo ndithu, akumudikira, koma poti palibe wawafunsa, iye alibe nawo ntchito. Ndinamuyesanso ndi msampha. Mwana aliyense wa pulayimale amadziwa kuti nambala sigawidwa ndi ziro. Ndinalemba `fst (7, div 1 0)`, kutanthauza kuti pa zinthu ziwirizi andipatse choyamba. Anandipatsa 7 mtima uli m'malo. Chachiwiricho, chimene chikanaphulitsa pulogalamu, sanachiyang'ane n'komwe.

Apa ndiye ndinati agogo anatinamiza. Zengerezu uyu sakukwawa, akuyenda chilili, ndipo akudumpha maenje amene akhama akugweramo. Kwa sabata ziwiri ndinasanduka mlaliki. Ndinafika pouza mayi a kunyumba kuti chitseko cha kubafa sindinachikonze osati chifukwa cha ulesi wamba, koma chifukwa palibe amene wafuna zotsatira zake. Anandiyankha, osatembenuka n'komwe pa mbaula, kuti iwo akhala akuzifuna kuyambira mwezi wa Disembala.

Kugwa kwanga kunabwera kudzera mwa achemwali. Iwo ali ndi okala, ndipo monga okala aliyense, ali ndi kope la ngongole, lakuda ndi mafuta ophikira, limene masamba ake ena anagwa kalekale. Ndinadzipereka kuti ndiwalembera pulogalamu yowonkhetsa zonse, ya Haskell, kuti aone kuti fizi imene ankandithandiza kulipira siinapite m'madzi.

"Iwe, kopeli lakulakwira chiyani?" anandifunsa.

"Achemwali, dziko linasintha. Ingondibwerekani Loweruka ndi Lamlungu."

Ndisanalowetse ngongole zenizeni, ndinafuna kuyesa mphamvu za kapulogalamu kanga. Mu Haskell mulibe zija zoti tenga kabokosi, uziwonjezeramo nambala mobwereza; paja nambala sisintha. Mndandanda umachita kuupinda, monga apindira chitenje, mpaka utsale chinthu chimodzi. Function yopindira kuchokera kumanzere ndi `foldl`. Ndinatsegula GHCi, pamene munthu amalemba mzere n'kuyankhidwa pompo, ndipo mwa matama ndinalemba `foldl (+) 0 [1..100000000]`. Manambala 100 miliyoni. Ndinatsamira pampando.

Fani ya laputopu inayamba kulira ngati chigayo cha dizilo. Kenako mausi inauma. Nyimbo imene ndinkamvera inayamba chibwibwi n'kuzimiratu. Ndinadikira, ndinakamwa madzi, ndinabwera, ndipo mapeto ake ndinachita kudina batani lozimitsira mpaka makina atakomoka. Kuwonkhetsa chabe, ntchito imene achemwali amagwira ndi bolopeni uku akukalipira mwana.

Chimene chinachitika n'chakuti Zengerezu anachita za uzengerezu. Atauzidwa kuti aphatikize 0 ndi 1, sanaphatikize. Analemba kakalata koti "pano padzakhala 0 kuphatikiza 1, ndidzawerengera akadzafunsa," n'kukasunga. Atafika pa 2 analemba kena koti "pano padzakhala zija za kakalata koyamba kuphatikiza 2." Pa 3 chimodzimodzi. Kakalata kotere akatswiri amakatcha thunk, mawu amene anayamba kumveka cha m'ma 1961 pakati pa anthu a chiyankhulo chakale cha ALGOL 60. Ndipo thunk si mpweya ayi. Iliyonse imadya malo mu memory, ndipo iliyonse imagwira mwendo wa inzake yam'mbuyo, moti palibe imodzi imene ingatayidwe. Pofika kumapeto kwa mndandanda, kompyuta inali isanaphatikize nambala ngakhale imodzi, koma inali itasenza timakalata 100 miliyoni. Ndiye ine n'kufunsa chiwonkhetso. Kakalata komaliza kanati funsani kam'mbuyo kanga, nako kanati funsani kam'mbuyo kanga, mzere wonse mpaka kukafika pa 0, aliyense ataimirira kudikira mnzake.

Ndinayang'ana kope la achemwali patebulo ndipo ndinachita manyazi, chifukwa nkhani yake ndi yomweyo. "Lembani, ndidzapereka pakutha pa mwezi." Munthu watenga shuga, sopo ndi kandulo, ndalama sinatuluke, koma mzere walembedwa. Mwezi ukatha amabweretsa theka, n'kutenganso zina, mzere watsopano n'kumaloza wakale. Kope limanenepa, kabati ya ndalama ikuwonda. Vuto limeneli mu Haskell amalitcha space leak, ndipo aliyense amene wakhala ndi chiyankhulochi kwa miyezi ingapo ali ndi chipsera chake.

Mankhwala ake ndi oseketsa kuposa matendawo. Pali function ina, dzina lake `foldl'`. Kusiyana kwake ndi inzake ija ndi kachizindikiro kamodzi kokha kakumwamba, komwe kaja timaika pa ng'ombe ndi pang'ono. Iyi silola ngongole: pa sitepe iliyonse imakakamiza kuti chiwonkhetso chiwerengedwe pompo, ndipo m'manja mumangokhala nambala imodzi. Ndinayatsanso makina, ndinaika kachizindikiroko, yankho n'kubwera fani ili phee: 5000000050000000. Kwa zaka zambiri `foldl'` inkabisala mu `Data.List`, moti umayenera kudziwa kuti ilipo kuti ukaitenge, pamene `foldl` yovulaza ija inali pakhomo penipeni kulandira alendo. Anadzaitulutsa poyera, kuti izipezeka popanda kuitanitsa, mu GHC 9.10, chaka cha 2024. Kuchokera 1990 ndi zaka 34. Nawonso eni ake si anthu othamanga.

Wina wodziwa anena kuti ndikanamasulira pulogalamuyo ndi `-O`, GHC ikanaona yokha kuti chiwonkhetso chidzafunika ndithu, n'kuwerengeratu. N'zoona, nthawi zambiri imatero. Koma kwa ine zimenezi n'zoopsa koposa, chifukwa ndiye kuti Zengerezu amagwira ntchito bwana akakhala pafupi, ndipo tsiku limene bwana sanaone bwino, iwe sudziwa.

Ndinaganiza kuti ndathana naye. Ndinafuna tsopano kupeza avereji ya ngongole, choncho ndinapinda mndandanda nditanyamula zinthu ziwiri m'thumba limodzi: chiwonkhetso, ndi kuchuluka kwa mizere. Ndinagwiritsa `foldl'` yomwe ija, mwaulemu wake. Nditayesa ndi manambala ambiri, chigayo chinayambanso kulira. Kani kukakamiza kwa `foldl'` kumathera pakamwa pa thumba. Haskell amatsegula, n'kuona kuti inde muli zinthu ziwiri, n'kunena kuti ntchito yatheka. Zoti zinthu ziwirizo ndi milu ya timakalata, iye sizimukhudza. Munamuuza kuti aone thumba, simunati aone zam'kati. Ali ngati mwana amene wamutuma kukaona ngati mbuzi zili m'khola, n'kubwera kudzanena kuti khola lilipo. Pamafunika kuika chizindikiro cha `!` patsogolo pa chinthu chilichonse m'thumbamo, kapena kugwiritsa `seq`, kuti agwire chimodzichimodzi. Pofuna kusunga ngongole ya munthu aliyense payekha ndinaphunziranso kuti pali `Data.Map` ya ulesi ndi `Data.Map.Strict` yokakamiza, ndipo yowerengera ndalama ndi yachiwiriyo.

Chomaliza chinali fayilo. Nditalemba ngongole zonse za m'kope, ndinauza pulogalamu kuti iwerenge fayiloyo ndi `readFile`, ikonze, kenako ilembe zotsatira mu fayilo yomweyo ndi `writeFile`. Inakana, n'kundilembera kuti "resource busy (file is locked)". Ndani watseka fayilo yanga m'nyumba mwanga momwe? Zengerezu yemweyo. Anaitsegula, koma poti panalibe amene anali atafunsa zam'katimo, sanaiwerenge. Anangoima pakhomo atagwira chitseko, ndipo wolemba atafika anapeza malo ali ndi mwini. Mankhwala ake mwawadziwa kale: `readFile'`, kachizindikiro komwe kaja, kamene kanabwera ndi GHC 9.0 mu 2021.

Komabe sindikufuna kumunyoza mopitirira, chifukwa ulesi wake unabala zabwino. John Hughes, mu pepala lake lotchuka la 1989, anaonetsa kuti umakulola kulemba mbali yotulutsa mayankho onse otheka payokha, ndi mbali yosankha payokha, podziwa kuti zosafunika sizidzawerengedwa. Ndipo olemba mbiri aja anavomereza kuti phindu lalikulu la ulesi linali lakuti unawasunga oyera. Poti sudziwa nthawi imene chinthu chidzachitike, sungabise m'kati mwa masamu zinthu ngati kulemba pa sikirini kapena kufufuta fayilo. Anakakamizika kupeza njira yoikira zimenezo padera, poonekera. Koma onaninso izi. Banki ya Standard Chartered, imene imagwiritsa ntchito kwambiri chiyankhulochi, inapanga mtundu wakewake wotchedwa Mu, ndipo Mu si waulesi, amawerengeratu. OCaml, msuweni wake wa ku France, naye amagwira ntchito pompo, ndipo ulesi umachita kuupempha ndi mawu oti `lazy`. Anthu a ku banki aja, osunga ndalama za eni, sanafune kakalata koti ndidzawerengera.

Usiku umene laputopu inakomoka uja ndinakhala nthawi mumdima, ndipo zimene zinkandibwerera sizinali za kompyuta. Ine ndinkaganiza kuti chinthu ukachizengereza ndiye kuti palibe chachitika, wapuma. Koma chimakhala chalembedwa penapake ndipo chikudya malo. Azakhali anga anadwala chaka chatha kumudzi. Mwezi uliwonse ndinkati ndipita ndikalandira, kenako ndinati mvula ikatha, kenako msewu ukauma. Lonjezo lililonse linkaloza lam'mbuyo mwake. Tsiku lofunsidwa litafika, ndinapita ndithu, pa minibasi ya m'mamawa, nditavala jekete yakuda. Haskell amapambana pozengereza zinthu zimene mwina sizidzafunika konse, ngati manambala osatha aja. Zimene ukudziwa kuti zidzafunika ndithu, kuzisunga n'kungoonjezera katundu. Agogo za `[1..]` sankazidziwa, koma munda ankaudziwa kuti udzafunsidwa mu Epulo, ufune usafune.

Lolemba ndinabweza kope. Achemwali anali atakhala pa kireti pansi pa chikwangwani chawo cholembedwa ndi makala kuti "Ngongole mawa", chimene ndaona tsopano kuti ndi pulogalamu ya ulesi yolembedwa bwino kuposa yanga, poti mawa lakelo palibe tsiku limene limawerengedwa. Ndinawapatsa pepala losindikiza, maina a angongole onse atandandalikidwa kuyambira wamkulu kutsika m'munsi. Anavala magalasi, anayang'ana pamwamba pa pepalalo, kenako anandiyang'ana ine.

"Makina akowa sanama eti?"

"Sanama, achemwali. Ndawakonza."

"Chabwino. Ndiye usachoke."

Dzina loyamba pa mndandandawo linali langa, K46,500, kuyambira mafuta ophikira a Khirisimasi ya chaka chatha.